Sabata yachisanu ndi chiwiri: makina anga asiya kuima pakati pa thabwa

Loweruka lapitali makina anga osema matabwa anagwira ntchito maola atatu osaima ngakhale kamodzi. Kwa amene mwakhala mukutsatira ntchitoyi, mukudziwa kuti zimenezi sizinachitikepo chilumikizireni kompyuta ndi bolodi ya Mesa 7i96, yomwe imayendetsa mota za makinawo, kudzera pa chingwe cha netiweki.

Vuto lake linali limodzi lomwelo. Biti, kachitsulo kozungulira kosemera, ili mkati mwa thabwa, utuchi ukuuluka bwinobwino, kenaka mota zonse zitatu zii. Pa sikirini pamatuluka uthenga wakuti watchdog yaluma, kutanthauza kuti chitetezo cha pa bolodi chaimitsa makina. Thabwa la mlombwa lomwe ndinkasemera dzina la nyumba ya achimwene linapsa pamalo pomwe biti inaima ikuzungulirabe: kadontho kakuda ngati kotenthedwa ndi khala, m'mimba mwenimweni mwa chilembo cha M. Ndinayesa kupala ndi sandipepa, koma kanali katalowa mkati. Mtima unandiwawa, chifukwa mlombwa wouma bwino sumapezeka wamba.

Poyamba ndinkaganiza kuti netiweki yanga ndi yochedwa. Ayi ndithu. Nkhani inali ya kusunga nthawi. LinuxCNC, pulogalamu ya pa kompyuta yolamulira makinawa, imawerengera pomwe mota iliyonse ikuyenera kukhala kamodzi pa milisekondi iliyonse, kutanthauza maulendo 1,000 pa sekondi. Ulendo uliwonse imatumiza kauthenga kakang'ono (kapaketi ka UDP) ku bolodi kufunsa kuti "wafika pati?", imadikira yankho, kenaka imatumiza liwiro latsopano. Timapaketi take ndi tating'ono kwambiri, koti chingwe cha 100 Mbit sichimva n'kulemera komwe. Koma yankho likapanda kufika m'kati mwa 80 peresenti ya milisekondi imeneyo, dalaivala wa hm2_eth, pulogalamu yolankhula ndi bolodiyo, amaliwerenga ngati latayika. Ndipo bolodi ikakhala mamilisekondi 5 osamva mawu a kompyuta, imazimitsa zonse yokha. Imachita bwino kutero. Ndikamasema pa liwiro la 3,000 mm pa mphindi, biti imayenda 0.05 mm pa milisekondi iliyonse, ndiye makina opanda wowalamula sayenera kupitiriza ulendo.

Cholakwika choyamba chinali changa. Ndinalumikiza bolodi ku switch (kabokosi kogawa netiweki) yomwe imatumikiranso intaneti ya m'nyumba, poganiza kuti chingwe ndi chingwe basi. Mapaketi a makina ankaima pamzere umodzi ndi mavidiyo omwe ana ankaonera. Tsopano chingwe chikuchoka ku kompyuta molunjika mpaka ku bolodi, popanda china chilichonse pakati. Bolodi ndaiika pa adiresi ya 10.10.10.10 posuntha kajampala (kapulagi kakang'ono ka pa bolodipo), kompyuta ili pa 10.10.10.11, ndipo intaneti ikudutsa njira yake.

Zinachepa, koma sizinathe. Apa ndi pomwe ndinakhalitsa.

Ndinayamba kuyesa ndi ping, lamulo loyeza nthawi yomwe yankho limatenga kuti libwere, kumenya bolodi milisekondi iliyonse kwa mphindi zambiri, kwinaku ndikutsegula mawindo ndi kukopera mafayilo kuti kompyuta itanganidwe. Ping imapereka nthawi yaifupi, yapakati ndi yaitali. Ine maso anga ankathamangira yapakati, yomwe inkaoneka yokongola. Yofunika ndi yaitaliyo. Paketi imodzi yokha yochedwa pakati pa masauzande ambiri ndiyo inaotcha thabwa langa lija. Nditazindikira zimenezi ndinalowa mu BIOS, momwe mumasinthidwira zoyambira za kompyuta, n'kuzimitsa zonse zogonetsa purosesa kuti isunge magetsi, chifukwa purosesa yogona imatenga nthawi kuti idzuke. Kenaka ndinaika khadi ina ya netiweki n'kuiuza, ndi lamulo la ethtool -C loika rx-usecs pa 0, kuti isamasonkhanitse mapaketi isanauze purosesa. Pa kompyuta ya muofesi kusonkhanitsako n'kwanzeru. Pa makina osema, paketi ikafika iyenera kulowa pomwepo.

Kunena chilungamo, zonsezi zikutheka chifukwa cha kernel (mtima wa Linux) ya PREEMPT_RT, yomwe imalola ntchito yofulumira kudula mzere. Kwa zaka zambiri inali chigamba chapadera, mpaka inalowa mu Linux yeniyeni pa 6.12 mu 2024. Ine ndikugwiritsabe ntchito Linux ya Debian 12 ndi LinuxCNC 2.9, ndipo sindikuona chifukwa chosinthira pomwe zikuyenda.

Mnzanga wina wandifunsa kuti bwanji osangobwerera ku kabolodi ka Arduino ka pulogalamu ya GRBL komwe ndinayambira. Kumeneko kompyuta imangothira mizere ya G-code (malamulo a kayendedwe ka makina) pa USB, kabolodi n'kumaganiza kokha, ndiye kuchedwa pang'ono sikuoneka. N'zoona. Koma ine ndikufuna kudzaika encoder (kachida kowerenga kuzungulira) pa spindle, mota yozunguza biti, komanso kuti kompyuta izidziwa zomwe zikuchitika pa makina milisekondi iliyonse. EtherCAT, njira ina yolumikizira makina pa netiweki yomwe kampani ya Beckhoff ya ku Germany inatulutsa mu 2003, imandikopanso: uthenga umodzi umadutsa m'madalaivu onse oyendetsa mota motsatizana, iliyonse ikutolapo zake n'kuikapo zake uli chiyendere. Mtengo wa madalaivu akewo ndi womwe wandiimitsa kaye.

Sabata ino ndisuntha chingwe cha netiweki kuti chitalikirane ndi waya wa VFD (bokosi lolamulira liwiro la spindle), yemwe angasokoneze mapaketi, popeza pano zikuyendera limodzi m'mbali mwa khoma la shedi. Ndapezanso thabwa lina la mlombwa, locheperako pang'ono, ndiye zilembo za dzina la nyumba ija ndizichepetsa ndi 10 mm kuti zikwanepo.