Makolo athu asanasaine mapepala a Medicare

Kuyambira pa 15 Okutobala mpaka pa 7 Disembala chaka chilichonse, munthu wa zaka 65 kapena kuposerapo amene akukhala kuno ku America sapuma nawo makalata, mafoni ndiponso zotsatsa malonda za pa TV, chifukwa imeneyi ndiyo nyengo imene lamulo limalola okalamba kusintha inshuwalansi yawo ya kuchipatala. Kwa nthawi yaitali Amalawife tinkaiona nkhaniyi ngati ya eni dziko, koma anzathu amene anabwera m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kudzaphunzira kapena kudzagwira ntchito lero mitu yayera, ndipo enafe tinaitana makolo athu kuti adzakhale nafe. Chimene chimandivutitsa maganizo n'chakuti chisankho chimene munthu amapanga m'miyezi yoyambirira atakwanitsa zaka 65 chimamutsata moyo wake wonse, pomwe amene amakhala naye pafupi pa nthawi yosankhayo kawirikawiri amakhala munthu amene malipiro ake amadalira chimene wokalambayo asankhe.

Inshuwalansi ya bomayi imatchedwa Medicare. Pulezidenti Lyndon B. Johnson anasaina lamulo lake pa 30 Julayi 1965 mumzinda wa Independence ku Missouri, ndipo khadi loyamba analipereka kwa Harry Truman, amene anayesapo kukhazikitsa inshuwalansi ya dziko lonse pa nthawi ya utsogoleri wake koma aphungu anamukanira. Gawo lotchedwa Part A limalipira munthu akagonekedwa m'chipatala, Part B imalipira madokotala, zopimapima ndi chithandizo chimene munthu amalandira n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ndipo Part D, imene inayamba mu 2006, ndi ya mankhwala. Amene anagwira ntchito n'kumadulidwa msonkho wa Medicare kwa zaka 10, kapena amene mkazi kapena mwamuna wake anatero, salipira kanthu pa Part A mwezi ndi mwezi. Kholo lobwera kuchokera kumudzi ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dziko muno, nkhani yake ndi ina: liyenera kukhala m'dziko muno zaka 5 zotsatizana lisanaloledwe kulowa, ndipo popeza silinagwirepo ntchito kuno, Part A liyenera kuchita kugula, pa mtengo umene mu 2025 unali madola 518 pamwezi. Part B amalipira onse, ndipo chaka chomwecho anthu ambiri ankapereka madola 185 pamwezi, amene nthawi zambiri amadulidwiratu pa ndalama za Social Security, penshoni ya boma, zisanafike kubanki.

Nthawi yolembetsa koyamba ndi miyezi 7 yokha, kutanthauza miyezi 3 tsiku lobadwa lisanafike, mwezi wobadwawo, ndi miyezi 3 yotsatira. Woiphonya popanda inshuwalansi ya kuntchito imene akugwirabe amalipiritsidwa chindapusa cha 10 peresenti pa mtengo wa Part B pa chaka chilichonse chathunthu chimene anachedwa, ndipo chindapusacho sichitha, amachipereka mwezi uliwonse kwa nthawi yonse imene ali ndi Part B.

Pamene pamagona nkhani ndi pa mphambano imene munthu amafikapo akangolandira khadi lake lija lofiira, loyera ndi labuluu. Njira yoyamba ndi kukhalabe m'Medicare ya boma, mmene munthu amatha kupita kwa dokotala aliyense m'dziko muno amene amalandira khadilo, koma boma limalipira 80 peresenti yokha ya mtengo wa Part B, ndipo 20 peresenti yotsalayo ilibe polekezera. Munthu wodwala khansa kapena impso ingathe kumumalizira zonse zimene anasunga. N'chifukwa chake ambiri osankha njira imeneyi amagula inshuwalansi ina yowonjezera yotchedwa Medigap kuti itseke mpatawo, n'kugulanso Part D payokha. Njira yachiwiri ndi Medicare Advantage, mmene boma limapatsa kampani ndalama mwezi uliwonse pa mutu wa munthu aliyense amene yamulemba, ndipo kampaniyo ndiyo imayendetsa chithandizo chonse. Mapulani ambiri a mtundu umenewu salipiritsa kanthu pamwamba pa ndalama ya Part B ija, amaphatikiza mankhwala, amathandizako pa mano, magalasi ndi zothandizira kumva, komanso ali ndi malire a ndalama zimene munthu angatulutse m'thumba pachaka, amene mu 2025 lamulo linati asapitirire madola 9,350 kwa madokotala a pa mndandanda wa kampaniyo. Zimenezi si zachabechabe ayi, ndipo kwa wokalamba amene amadalira kandalama kochepa ka Social Security zimamveka. Kuyambira mu 2023, oposa theka la oyenera kulowa mapulaniwa ali m'menemo.

Koma kampani imene yalandiriratu ndalama pa mutu wa munthu imapindula ikawononga zochepa pa munthuyo. Choncho imasankha madokotala ndi zipatala zimene wodwala angapiteko, ndipo pa zinthu zodula, monga kujambulidwa ndi makina a MRI kapena kugonekedwa kumalo ochitirako mafizo munthu akatuluka m'chipatala, imafuna kuti dokotala ayambe wapempha chilolezo. Mu Epulo 2022 ofesi yofufuza za kayendetsedwe ka ntchito mu unduna wa zaumoyo wa dziko lino inatulutsa lipoti losonyeza kuti pa zopempha zokanidwa zimene inaunika, 13 peresenti zinali zokwaniritsa malamulo a Medicare, kutanthauza kuti odwalawo akanakhala m'Medicare ya boma akanathandizidwa. Zoterezi sizilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa timapepala tokongola tobwera m'bokosi la makalata.

Maejenti ogulitsa mapulaniwa amalipidwa ndi makampani, osati ndi wogula, ndipo bungwe la CMS, limene limayang'anira Medicare, limaika malire a komishoni yawo chaka ndi chaka. Mu 2024, m'zigawo zambiri ejenti ankatha kulandira madola 611 akalemba munthu watsopano m'Medicare Advantage, kenako madola 306 chaka chilichonse chimene munthuyo akhalebe m'pulaniyo, pomwe akamugulitsa Part D yokha ankalandira madola 100 basi. Sindikunena kuti ejenti aliyense ndi wakuba. Ndikudziwa ena amene amagwira ntchitoyi mokhulupirika, amayankha foni ngakhale nyengo yolembetsa itapita, ndipo amauza munthu mosabisa kuti pulani imene ali nayo kale ndi yabwino, asaisiye. Komabe ejenti ali ngati wavenda wobwera pakhomo kudzagula chimanga ndi sikelo yake: angakhale woona mtima ndithu, koma mwini chimanga ayenera kudziwa kuti sikeloyo ndi ya wavendayo. Komanso ejenti amagulitsa mapulani a makampani okhawo amene anasainirana nawo, choncho zimene wayala patebulo si zonse zimene zilipo m'deralo.

Boma likudziwa zimenezi, ndipo malamulo alipo ambiri. Ejenti saloledwa kuimbira foni munthu amene sanamupemphe kutero, saloledwa kugogoda pakhomo asanaitanidwe, ndiponso saloledwa kudzitchula kuti watumidwa ndi Medicare kapena boma. Asanakumane ndi wokalamba, awiriwo ayenera kugwirizana kaye pa fomu yotchedwa Scope of Appointment, yosonyeza mtundu wa mapulani amene akambirane, ndipo ejenti sayenera kulowetsapo malonda ena monga inshuwalansi ya maliro. Pa misonkhano yotsatsa malonda saloledwa kudyetsa anthu chakudya chenicheni, kupatula zokhwasula, ndipo mphatso iliyonse isapose madola 15 komanso isakhale ndalama. Malamulowa anawakhwimitsa madandaulo atachuluka, pakuti amene CMS inalandira okhudza katsatsidwe ka mapulani anachoka pa 15,497 mu 2020 kufika pa 39,617 mu 2021, nthawi imene anthu otchuka monga Joe Namath ankaoneka pa TV usana ndi usiku akuuza okalamba kuti aimbe foni alandire zimene akuti n'zowayenera. Kuchokera kumapeto kwa 2022, mafoni ogulitsirana mapulani ayenera kujambulidwa ndi kusungidwa. Mu Meyi 2025 unduna wa zachilungamo unasumira makampani a Aetna, Humana ndi Elevance Health pamodzi ndi mabungwe a maejenti a eHealth, GoHealth ndi SelectQuote, powaganizira kuti pakati pa 2016 ndi 2021 ankapatsana ndalama zachiphuphu n'cholinga choti okalamba azikankhidwira ku mapulani a makampani olipira kwambiri.

Ine vuto langa ndi malamulowa n'lakuti amateteza wokalamba kwa mlendo wa pa foni, koma kwa anthu athu ejenti sakhala mlendo. Azakhali anga analemberedwa pulani yawo ndi mnyamata wa kutchalitchi kwawo, waulemu wake, amene anamuitana okha ndipo anatsatira lamulo lililonse. Anakhala nawo patebulo la kukhitchini, anatsegula kompyuta yake, n'kuwafunsa kuti, "Mayi, kodi mwa dokotala wa mano munapitako liti?" Funsolo linali loyenera, pakuti anali atakhala zaka osapitako poopa mtengo. Anawaonetsa pulani yosalipiritsa kanthu, yokhala ndi za mano, magalasi ndi kakhadi kogulira mankhwala ang'onoang'ono kusitolo. Nditawafunsa pambuyo pake chifukwa chimene sanayembekezere kuti tionere limodzi, anandiyankha kuti, "Mwanawe, munthu wabwera pakhomo panga, wamwa tiyi wanga, wandifotokozera zonse mofatsa, ndikanamubweza bwanji chimanjamanja?" Palibe lamulo la CMS limene lingalowe pamenepo. Ulemu umene tinaleredwa nawo umapangitsa kuti kukana munthu amene wakupatsa nthawi yake kuoneke ngati mwano, ndipo okalamba athu ambiri amasaina kuti asamukhumudwitse.

Pulaniyo inawatumikira bwino mpaka chaka chimene chipatala cha dokotala wawo wa shuga chinasiyana ndi kampaniyo. Apo m'pamene anafuna kubwerera ku Medicare ya boma, ndipo kubwererako n'kololedwa, koma Medigap anakanizidwa. Lamulo limapatsa munthu miyezi 6 yokha, kuyambira pamene walowa Part B ali ndi zaka 65 kapena kuposerapo, imene kampani ya Medigap singamukane kapena kumukwezera mtengo chifukwa cha matenda. Amene analowa Medicare Advantage atangokwanitsa zaka 65 amapatsidwanso miyezi 12 yoyeserera, imene angatuluke n'kugula Medigap mosafunsidwa za thanzi lake. Nthawi zimenezi zikadutsa, m'zigawo zambiri kampani ili ndi ufulu wofunsa za shuga, mtima, sitiroko ndi mankhwala onse amene munthu akumwa, n'kumukana. Zigawo zochepa zokha, monga New York ndi Connecticut, n'zimene zimakakamiza makampani kulandira aliyense chaka chonse. Apa m'pamene ndimaona kuti dongosololi silichitira chilungamo okalamba: munthu amasankha ali wathanzi, pamene za mano ndi magalasi zikuoneka zazikulu, ndipo kuipa kwa chisankhocho amadzakuona atadwala, khomo lina lija litatsekedwa kale. Mnyamata uja sanawanamize azakhali chilichonse. Za miyezi 6 ndi 12 zija sanazitchule, ndipo iwo sakanadziwa kuti pali chofunsa.

Palinso funso limene maejenti ambiri saliganizira n'komwe, koma kwa ife ndi lalikulu, la munthu amene akufuna kumakhala miyezi ingapo kumudzi akapuma pantchito, makamaka kuthawa chisanu cha kuno. Medicare ya boma silipira chithandizo cholandirira kunja kwa dziko la America, kupatula pa zochitika zochepa kwambiri, choncho wogonekedwa m'chipatala cholipira ku Blantyre kapena ku Lilongwe amalipira yekha, ndipo Part D silipira mankhwala ogulidwa kunja. Mitundu ina ya Medigap, monga G ndi N, imalipira 80 peresenti ya chithandizo cha mwadzidzidzi kunja, koma ngati vutolo layamba m'masiku 60 oyambirira a ulendo, munthu atayamba wadzilipirira madola 250, ndipo malire ake ndi madola 50,000 pa moyo wonse. Wa Medicare Advantage akakhala kunja kwa dera la pulani yake kupitirira miyezi 6 amachotsedwamo. Ena akabwerera kumudzi amaganiza zosiya Part B kuti asamadulidwe ndalama pa chinthu chimene sakuchigwiritsa ntchito, ndipo m'pomveka kuganiza choncho, koma akadzadwala n'kufuna kudzalandira chithandizo kuno amayenera kudikira nyengo ya pakati pa 1 Januwale ndi 31 Malichi kuti alembetsenso, chindapusa cha 10 peresenti pachaka chija chikuwayembekezera.

Chimene ndimapempha ana ndi adzukulu n'chakuti tikhalepo pamene akuluakulu athu akukumana ndi ejenti, ndipo tisanafike tsikulo tiyambe taonana ndi munthu amene salandira komishoni. Chigawo chilichonse chili ndi alangizi aulere a pulogalamu ya SHIP, amene sagulitsa kanthu, ndipo nambala ya 1-800-MEDICARE imatha kulumikiza munthu ndi a m'dera lake. Popita kumeneko tinyamule mabotolo enieni a mankhwala m'jumbo, osati kudalira kukumbukira maina, titenge maina a madokotala onse, komanso kalata imene kampani imatumiza pofika kumapeto kwa Sepitembala yofotokoza zimene zisinthe chaka chamawa, imene anthu ambiri amaitaya osaitsegula poyesa ndi yamalonda. Ejenti timufunse mosachita manyazi kuti amagulitsira makampani angati, ndipo za dokotala tiimbire kuofesi ya dokotalayo kuti atitsimikizire okha ngati adzalandire pulaniyo chaka chikubwerachi. Amene ali kale m'Medicare Advantage ndipo akufuna kutuluka ali ndi mpata wina kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 31 Malichi, koma asatuluke asanafunsire Medigap ndi kulandira kalata yowavomera.