Mvula inandipeza pansi pa denga la udzu ku Groot Constantia

Ndinafika pa munda wa mphesa wa Groot Constantia, kunja kwa mzinda wa Cape Town, m'mwezi wa July, nthawi imene kumeneko kumagwa mvula yozizira kwambiri. Wagalimoto amene ananditenga ku Wynberg, dera lina la mumzindawo, anandilipiritsa ndalama zambiri pa mtunda waufupi, choncho ndinatsika ndili wokwiya. Kulowa pabwalo n'kwaulere, koma kuti muone m'kati mwa nyumba yaikulu mumagula tikiti, ndipo amene akupita nyengo imeneyi asaiwale jekete.

Ndisanafike n'komwe pa nyumbayo, mvula inayamba, ndipo ndinathamangira pakhomo la imodzi mwa nyumba zazitali za m'mbali mwa bwalo, kumene kale ankasungirako akavalo ndi ngolo. Bambo wina wachikulire amene anabisala pomwepo anandimva ndikudandaula pa foni, nandifunsa kuti, "Achimwene, kumudzi n'kuti?" Iwo anali a ku Mulanje, ndipo akhala zaka zambiri akugwira ntchito m'minda ya m'deralo. Anandithirira tiyi wa m'fulasiki yawo, kenako anandilozera denga la nyumba yaikuluyo, lakuda ndiponso losalala ngati analimeta ndi lumo.

Anandifotokozera kuti amafolera ndi mtundu wa bango lopyapyala lomera ku Cape komweko, lomangidwa mothinana kwambiri, ndiponso kuti dengalo n'lotsetsereka mokwanira kuti madzi asaime. Khoma loyera lakutsogolo, lopakidwa njereza, limakwera kupitirira denga pamwamba pa chitseko mokhotakhota, ndipo anati kukongola si ntchito yake yokha, chifukwa moto ukabuka limatchinga udzu woyaka kuti usagwere anthu potuluka. Nyumba zambiri zamtunduwu ankazimata dothi pamwamba pa siling'i pa chifukwa chomwecho. Ngakhale zili choncho, nyumba iyi inapsa mu 1925, ndipo imene tikuionayi anaikonzanso potsata maonekedwe ake akale, ndi udzu womwewo, osati malata.

Zimenezi zinandikhudza, pakuti kwathu munthu akapeza ndalama amathamangira kusasula udzu, ndipo amene akugonabe m'nyumba yofolera timamuona ngati wosauka. Kuno denga la udzu likutetezedwa ndi lamulo, ndipo alendo akulijambula mvula ikuwanyowetsa.

Malowa anapatsidwa kwa Simon van der Stel, amene ankalamulira dera la Cape, mu 1685, ndipo banja la Cloete, limene linabwera pambuyo pake, linamanga nyumba yopangira vinyo kuseri mu 1791. Pamwamba pa khomo lake pali ziboliboli za tiana zimene anaumba mmisiri wina dzina lake Anton Anreith. Mayina amenewa mumawamva paliponse pamalopo. Koma amene anaponda dothi, kusenza njerwa ndi kumweta bangolo anali akapolo ochokera ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia ndi Mozambique, ndipo ukapolo ku Cape unathetsedwa mu 1834. Nditatchula Mozambique, bambo aja anakhala chete kanthawi, kenako anati kwawo malire a dzikolo ali pafupi kwambiri moti amapitako wapansi.

Mvula itakata, ananyamula fulasiki yawo n'kubwerera kuntchito. Ine ndinapita kukaima pansi pa denga lija, ndipo ndinakweza dzanja kuyesa kukhudza nsonga za bangolo, madzi akudonthabe, khoma lili louma.