Mnzako akudya, iwe uli ndi njala

Usiku wathawu tulo tinandithawa nditawerenga za Vladimir Vazov, mkulu wa asilikali a ku Bulgaria. Mu 1918, pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, anyamata ake anapha Angerezi ambirimbiri kufupi ndi nyanja ya Doiran, kumalire a kumpoto kwa Greece. Koma atapita ku London mu 1936, asilikali akale a Britain anamulandira mwaulemu, mpaka kutsitsa mbendera zawo iye akudutsa. Adani enieniwo!

Amene wandimvetsa chisoni ndi msilikali wamba wa ku Bulgaria wa m'ngalande. Mu 1912 Aserbia ndi Agiriki anali anzake pomenyana ndi Aturuki. Chaka chotsatira anawomberana nawo. Pofika 1915, Mturuki uja wasanduka mnzake. Kenako ku Dobrudja, dera la kumalire a Bulgaria ndi Romania, akumuuza kuti aloze mfuti Arasha, amene makolo ake ankawalemekeza kuti ndi amene anawaombola kwa Aturuki mu 1878. Tsono Mjeremani, yemwe ankati ndi mbale pankhondo, ankadya bwino ndi kuvala nsapato zolimba, tirigu wa ku Bulgaria akupita ku Germany, msilikali wa ku Bulgaria uja mimba ili pepuu, nsapato zitang'ambika.

Mu September 1918 asilikali ena a ku Bulgaria anatembenuka n'kulunjika ku Sofia, likulu la dziko lawo, mfuti zili m'manja. Kunena zoona abale, ine sindikuwadzudzula ayi.