Sabata yoyamba ya ogona mutu kumunsi

Anthu akandifunsa za ntchito ndimangoti ndine namwino. Ndikawauza zonse, kuti ndimaswera ndi mikodzo ya anthu athanzi omwe agona dala pabedi kwa milungu pa kafukufuku wa za mumlengalenga, amayesa ndikuwanamiza. Sabata yathayi tinagoneka gulu latsopano, ndiye ntchito inali yakalavulagaga.

Lolemba m'mawa tinapendeketsa mabedi madigiri 6, mutu kumunsi, mapazi kumtunda. Kupendekeka kwake n'kochepa, koma ndi njira yomwe NASA ndi ESA, mabungwe a zamumlengalenga a ku America ndi ku Ulaya, amatsanzirira zomwe thupi limakumana nazo mumlengalenga, kumene munthu salemera. Ku Cologne mu 2019 anthu anagona chonchi masiku 60, ndipo ku Moscow m'zaka za m'ma 1980 ena anafikitsa masiku 370. Lamulo lalikulu ndi loti phewa limodzi lisachoke pamatiresi. Kudya, kusamba, kudzithandiza, zonse chigonere.

Pofika madzulo nkhope zinali zitafufuma. Madzi ndi magazi omwe amakhala m'miyendo munthu akaimirira anali atatsetserekera kuchifuwa ndi kumutu. Bambo wina anandiitana kawiri kuti wagwidwa chimfine, mphuno zatseka, mutu ukuphwanya. Ndinamuuza kuti chimfinecho chachokera kumiyendo, anaseka mpaka kutsokomola.

Pamenepa ndiye impso zimandichititsa chidwi. Mtima ukalandira magazi ambiri umatanuka, thupi n'kuganiza kuti madzi achuluka. Mtimawo umatulutsa homoni ya ANP, yothandiza kuchotsa mchere ndi madzi m'thupi, pomwe renin ndi aldosterone, zomwe zimathandiza kusunga mchere ndi madziwo, zimayamba zatsika, impso n'kuyamba kutaya mchere ndi madzi. Sikuti impsozo zikudwala ayi. Zangonamizidwa, ndipo zikumvera ndi mtima wonse. Ludzu nalo limachepa. Pakangopita masiku ochepa, plasma, madzi a m'magazi aja, imakhala itatsika ndi 10 mpaka 15 peresenti.

Zonsezi timaziona m'mabotolo. Mkodzo uliwonse timauyeza, kulemba nthawi yake, n'kuuika mufiriji, kuti pakatha maola 24 akulabu aphatikize wa tsiku lonse. Lachitatu usiku, cha m'ma 3 koloko, ndinayeza botolo la mayi wina, n'kulemba bwinobwino, kenako manja anga anachita zomwe anazolowera kuwodi zaka zonse zija: ndinakhuthulira m'chimbudzi n'kugujumula. Ndinaima pomwepo ngati chitsa, botolo lopanda kanthu lili m'manja. Wa tsiku lonse unali utaperewera, ndipo tsiku lachitatu la kugona silibwera kawiri. M'mawa ndinakaulula kwa dokotala wamkulu. Sanakalipe, anangolemba m'buku kuti pasowa gawo, ndipo kusakalipako n'komwe kunandipweteka kwambiri.

Lachinayi tinatenga magazi kusanache, anthu asanadye. Hematocrit, mlingo wa maselo ofiira m'magazi, inali itakwera pafupifupi kwa onse, chifukwa madzi achoka koma maselo ofiira akadali omwewo. Apanso impso zimalowererapo: zimachepetsa erythropoietin, homoni yomwe imauza mafuta a m'mafupa kuti apange maselo ofiira, ndiye pakapita milungu maselowo amachepa. Kale ambiri ankati thupi likungodzikonza kwa masiku ochepa basi. Koma mu 2022 gulu la Guy Trudel ku Ottawa, litayeza anthu 14 omwe anakhala miyezi 6 pa International Space Station, malo a kafukufuku ozungulira dziko mumlengalenga, linapeza kuti matupi awo ankawononga maselo ofiira pafupifupi 3 miliyoni pasekondi, pomwe pansi pano ndi 2 miliyoni, ndipo sizinasiye ulendo wonsewo.

Lachisanu nkhani inali ya madzi akumwa. Mafupa akasiya kunyamula thupi amayamba kutaya kashiamu, yemwe amakathera m'mkodzo. Kashiamu akachuluka mkodzo uli wochepa, timiyala ta m'impso sitichedwa. Ndiye ndinkayenda chipinda ndi chipinda ndi kapu yokhala ndi kapaipi, kunyengerera anthu akuluakulu opanda ludzu kuti amalize mlingo wawo. Wina anati ndimakakamiza kuposa mayi ake.

Loweruka ndinayeza akatumba a m'miyendo ndi tepi. Miyendo ya bambo wachimfine uja inali itayamba kuphwa, mwini wake akuti yasanduka ya nkhuku. Ndisanaweruke ndinamata pepala pachivundikiro cha chimbudzi cha antchito, lolembedwa ndi inki yofiira: botolo lipite mufiriji.