Dzuwa la paliwombo ndi latitude ya Nkhotakota

Mtima wanga wakhala pansi tsopano, chifukwa nkhani ya declination imene inkandizunguza mutu yamveka. Za kagwiridwe ka sekisitanti, chipangizo choyezera ngodya ya kukwera kwa dzuwa, sindinenapo, popeza anzanga amene tikuphunzira za kayendetsedwe ka sitima mukuzidziwa kale.

Mfundo yake ndi yakuti declination ndi latitude (mtunda wa m'madigiri kuchokera pa ikweta) ya malo amene dzuwa lawaima paliwombo penipeni pa nthawiyo. Tikayeza kukwera kwa dzuwa masana, litafika pachimake, n'kuchotsa ngodyayo pa madigiri 90, chotsalacho ndi mtunda wochokera pamene taima kukafika kumalo amenewo, ndipo mphindi imodzi ya ngodya (1', gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri) ndi mamita 1,852 pamadzi. Pa 21 Juni dzuwa limakhala pa 23°26' kumpoto kwa ikweta. Munthu amene ali m'boti pafupi ndi Nkhotakota, atayang'ana kumpoto n'kutsitsa dzuwa mpaka m'munsi mwake mutakhudza pamene madzi akumana ndi thambo, ndiponso atawongolera zoyenera kuwongolera, apeza pafupifupi 53°39'. Chotsala ndi 36°21'. Pa mtunda umenewu, 23°26' ili kutsidya kwa ikweta, choncho 12°55' yotsalayo ili mbali yathu ino ya kummwera, ndipo imeneyo ndiyo latitude ya Nkhotakota.

Ine ndikuona kuti palibe njira yoposa imeneyi. Siifuna wotchi yolondola kwambiri, siidalira batire ngati GPS, ndipo masamu ake amakwana pa kapepala kamodzi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatiloweza lamulo lonena nthawi yophatikiza declination ndi nthawi yoichotsa osatijambulira n'komwe chithunzi cha dziko ndi dzuwa. Amati nthawi ndi yochepa, koma chithunzi chimodzi pabolodi chikanatipulumutsa ku masabata a chisokonezo, ndipo mwayi wokayeserera panyanja unafika m'nyengo ya mwera, boti likuvina, dzuwa likuthawathawa m'kagalasi ka sekisitanti.

Pa longitude, mtunda wa m'madigiri cha kum'mawa kapena kumadzulo, mpamene ndikadali wokayika. Ndikudziwa kuti Nkhotakota ili kum'mawa kwa madigiri 30 amene nthawi ya Malawi imatsatira, n'chifukwa chake dzuwa limafika pachimake 12 koloko isanakwane. Koma likafika pamenepo limaoneka ngati laima, pomwe kuphonya ndi masekondi 4 okha kumasuntha malo ndi mphindi yathunthu ya longitude. Ndikuderanso nkhawa kumapeto kwa Okutobala, pamene dzuwa lidzadutsa pamutu pathu penipeni, ngati dzanja langa lidzathe kulitsitsira mbali yoyenera.