Zomwe Ndaphunzira pa Kukambirana m'Phunziro la Masamu

Pa maphunziro athu a uphunzitsi, gawo lomwe landiganizitsa kwambiri ndi la momwe mphunzitsi angathandizire ophunzira kukambirana masamu m'malo mongokopera njira yomwe yalembedwa pa bolodi. Ambiri a ife tinakulira m'makalasi momwe aphunzitsi akamaliza chitsanzo ankafunsa kuti "Tamvana?", ana onse n'kuyankhira pamodzi kuti "Eee!" Yankho la chigulu lotere silisonyeza amene wamvetsa ndi amene wangotsatira mawu a anzake.

Ndaona kuti kukambirana kumayamba pamene mphunzitsi wachedwa kuweruza yankho. Tiyerekeze kuti mwana wa Sitandade 6 waphatikiza 1/2 ndi 1/3 n'kupeza 2/5, chifukwa waphatikiza manambala a pamwamba pawokha ndi a pansi pawokha. Mphunzitsi akangoti "Walakwa, khala pansi," nkhani yathera pomwepo, ndipo ena ambiri omwe anaganiza chimodzimodzi amangoti ziii. Koma akalemba 2/5 pa bolodi pambali pa 5/6 yemwe wina wapeza, n'kufunsa kalasi kuti pakati pa 2/5 ndi theka wamkulu ndi uti, ana amakhala ndi chotsutsana. Wina amapinda pepala, wina amajambula mzere, mpaka mmodzi amazindikira kuti sizingatheke kuwonjezera kanthu pa theka n'kupeza chochepera theka. Mfundo imeneyi ikachoka pakamwa pa mwana, kufunika kwa nambala yapansi yofanana kumamveka mphunzitsi asanatchule lamulo lililonse. Mafunso othandiza pano ndi afupiafupi: "Wapeza bwanji?", "Ndani angabwereze zomwe mnzathuyu wanena?", "Alipo wadzera njira ina?"

Kudekha nakonso n'kofunika. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe, wofufuza za maphunziro wa ku America, anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha, koma akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo ana ambiri amayesako. Kafukufuku wakeyo anali wa m'makalasi a sayansi, komabe ndikuona kuti akukhudza masamu kwambiri, poti amene amakweza dzanja msanga ndi anthu omwewomwewo tsiku lililonse.

Funso lomwe anzanga amabweretsa kawirikawiri ndi la kuchuluka kwa ana, ndipo ndi lomveka. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero makalasi ena amakhala ndi ana oposa 100. M'kalasi yotere magulu a ana khumi amangosanduka phokoso, wanzeru mmodzi n'kumalembera onse. Ine ndimakonda njira yomwe Frank Lyman, katswiri wa maphunziro wa ku America, anaifotokoza mu 1981, yakuti aliyense ayambe waganiza payekha, kenako akambirane ndi mnzake wokhala naye pafupi, ndipo pamapeto awiriawiri ochepa auze kalasi. Siifuna kusuntha madesiki, ndipo imatheka ngakhale ana atakhala pansi.

Chilankhulo ndi chopinga china. Mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, koma mwana amene akuopa kusekedwa chifukwa cha Chingerezi chothyokathyoka sangateteze maganizo ake, ngakhale atakhala olondola. Maganizo anga ndi akuti pokambirana awiriawiri aloledwe kugwiritsa ntchito Chichewa kapena chilankhulo cha kwawo, kenako mphunzitsi awathandize kunena ndi kulemba mfundoyo m'mawu a Chingerezi omwe adzakumane nawo pa mayeso a MANEB.

Zonsezi zasintha momwe ndimakonzera phunziro. Kuwonjezera pa zitsanzo ndi ntchito yolemba, tsopano ndimalembanso mayankho olakwika omwe ndikuyembekezera pa funso lililonse lalikulu, funso lomwe ndidzafunse yankho lotero likadzatuluka, komanso yankho lomwe ndidzayambe kulilemba pa bolodi.