Momwe ndinasamutsira pulogalamu yanga ku TypeScript

Pulogalamu yanga yowerengera mitengo ya katundu pa intaneti inalembedwa mu JavaScript, chiyankhulo chimene sichifunsa ngati chinthu ndi nambala kapena mawu mpaka pulogalamuyo itayamba kugwira ntchito. Chilichonse chimene munthu walemba m'bokosi la fomu chimafika ngati mawu, choncho "500" ikaphatikizidwa ndi 200 pamatuluka "500200" m'malo mwa 700, popanda chenjezo lililonse. Ichi n'chimene chinandikokera ku TypeScript, imene Microsoft inatulutsa mu 2012. Imeneyi ndi JavaScript yowonjezeredwa njira yoonera mtundu wa chinthu chilichonse, kaya ndi nambala kapena mawu, pulogalamu isanayambe kugwira ntchito.

Nditaiika kudzera pa npm, chida choikira mapulogalamu a JavaScript, ndinalemba `npx tsc --init` kuti papezeke fayilo ya tsconfig.json, yosunga malamulo a tsc (pulogalamu imene imayang'ana code ya TypeScript n'kuisandutsa JavaScript), ndipo m'menemo ndinaonetsetsa kuti `strict` ndi `true`, kuti tsc iziyang'ana mosamalitsa. Ndinatsegulanso `allowJs` kuti mafayilo akale apitirize kugwira ntchito pamene ndinkawasintha imodziimodzi kuchoka pa .js kupita pa .ts.

Ntchito yaikulu inali pa ma function, timagawo ta code timene timalandira zinthu n'kubweza yankho. Ndinalemba `function phatikiza(mtengo: number, msonkho: number): number`, ndipo tsc inakana paliponse pamene mawu ankalowa m'malo mwa nambala, mpaka nditawasintha ndi `Number()`. Sindinavutike kulemba mtundu wa chinthu chilichonse, chifukwa pa `let kuchuluka = 3` TypeScript imadziwa yokha kuti imeneyi ndi nambala. Katundu ndinamufotokoza ndi `interface`, mndandanda wa zimene chinthu chiyenera kukhala nazo, yonena kuti dzina ndi `string` (mawu), mtengo ndi `number`. TypeScript inandikakamizanso kuona kaye ngati `document.getElementById` yapezadi chinthu chimene ikufufuza pa tsamba, popeza imatha kubweza `null`, kutanthauza kuti palibe, ndipo ndinaona kuti kukakamiza kumeneku n'koyenera.

Zolakwika zikachuluka, munthu amakopeka kulemba `any`, kutanthauza mtundu uliwonse, kuti tsc ikhale chete. Ine ndinapewa, chifukwa `any` imazimitsa kuyang'anira konse kumene ndinkakufuna.

Pamene ndinakhalitsa kwambiri ndi pa zinthu zochokera ku seva, kompyuta imene imatumizira pulogalamuyi zinthu kudzera pa intaneti. Mitundu yonseyi imafufutidwa tsc ikamasandutsa code kukhala JavaScript, ndiye browser siiona n'komwe, ndipo zimene `response.json()` imabweretsa kuchokera ku seva TypeScript imazitenga ngati `any`. Seva ikatumiza mtengo ngati mawu, `interface` yanga singaletse. Choncho zimenezi ndinazilandira ngati `unknown`, mtundu wosadziwika umene tsc imafuna kuti uyesedwe kaye, n'kuyesa ndi `typeof` kuti mtengo ndi nambaladi ndisanaupereke ku `phatikiza`.